Munthu Amene Anaphunzira Kuimba Osamveka

Kajetan Zirngast analowa m'nyumba ya a Graf, bwana wa magazi achifumu, cha kumtunda kwa mzinda wa Graz, ndevu zisanamere, ndipo anatulukamo mutu uli mbuu. Zaka makumi anayi ndi ziwiri zonsezo ntchito yake inali imodzi: kuimba chitoliro a Graf akamadya. Oimba analipo khumi ndi anayi, onse m'majekete obiriwira ofanana ndi a anthu operekera mbale. Mlendo ankawasiyanitsa poona chimene munthu wanyamula m'manja.

M'nyumbamo munali lamulo limene silinalembedwe paliponse. A Graf akangotsegula pakamwa kuti alankhule, nyimbo inkatsika n'kukabisala pansi pa mawu awo ngati mphaka pansi pa tebulo. Akabwerera ku nyama yawo, nyimbo inkadzukanso. Pa luso limeneli panalibe womuposa Kajetan. Diso lake silinkakhala papepala la nyimbo, linkakhala pachibwano cha bwana. Anzake ankamuseka kuti nsagwada za a Graf amazidziwa kuposa nkhope ya mkazi wake. Apollonia, mkazi wakeyo, atazimva anangoti, "Sakunama. Akanamandiyang'ana choncho ine, bwenzi tili ndi ana khumi."

Mwana anali naye mmodzi yekha, ndipo anamuika m'manda asanayambe kukwawa. Kuyambira pamenepo anatsala awiriwiri m'kachipinda ka pamwamba pa khola la akavalo.

Nkhondo ya Afalansa itayamba kudya chuma cha mabwana, a Graf anayenera kusankha pakati pa akavalo ndi oimba. Akavalo anapambana. Majekete anabwezedwa, ndipo kapitawo anauza Kajetan kuti pofika tsiku la Mikayeli Woyera, kumapeto kwa Seputembala, akhale atachoka m'kachipindako. Kwa nkhalamba ziwiri zopanda mwana, msewu wochoka pamenepo unkathera kunyumba ya amphawi, kumene amuna amagona mbali yawo, akazi mbali yawo, pakati pali khoma. Njala Kajetan sankaiopa kwenikweni. Ankaopa khomalo.

Komatu nyimbo sizinafe m'tauni, zinangosamuka. Ogulitsa nsalu, ogulitsa mankhwala, maloya ndi ofulula mowa anali atayamba kugula mapiyano. Ukamadutsa m'misewu masana unkamva ana awo aakazi akupunthwa pamalo amodzimodzi a nyimbo imodzimodzi, nyumba ndi nyumba. Anthu amenewa anapanga bungwe lawo, n'kubwereka holo ya pamwamba pa nyumba ya alendo, kuti Lamulungu lililonse masana kuzikhala nyimbo. Aliyense wogula tikiti ankalowa, kaya atate ake anali ndani. Wotsogolera oimba kumeneko anali Blasius Hödl, woimba vayolini amene anachotsedwa limodzi ndi Kajetan koma anagwa choimirira.

"Mpando wa chitoliro ulipo, mkulu," anatero Blasius atamupeza Kajetan akupukuta chitoliro chopukutapukuta kale. "Malipiro ake ndi okwana kachipinda ka anthu awiri. Udzaimbe wekha nyimbo imodzi Lamulungu, akakukonda basi watenga."

"Ndikaimbire wogulitsa sopo ine?"

"Sopoyo ndi amene adzakusambitse ukadzafa. Tamvera. Awa si a Graf. Awa alipira pakhomo, ndiye amafuna kumva chimene agula. Sankha nyimbo yoti mayi akaipitirize akukanda buledi, ndipo uiimbe ngati ukuitana ng'ombe kutsidya kwa mtsinje."

"Iwe Blasius, undiphunzitse kuimba ine? Unabwera kwa a Graf mamina ali tsoo."

Apollonia anasita jekete lakuda la paukwati wawo. Mabatani awiri anakana kukumana ndi mabowo awo, ndipo iye anati, "Musapume kwambiri, bambo." Anaseka onse awiri, chifukwa munthu wa chitoliro akapanda kupuma adya chiyani?

Lamulungulo holo inadzaza. Kutsogolo kwenikweni, pakatikati, pamalo pamene pakanakhala a Graf, panakhala a Kerschbaum, wogulitsa nsalu, wapampando wa bungwe. Anali munthu wa chibwano chachikulu, ndipo diso la Kajetan linapita lokha kukatera pamenepo.

Anayamba bwino, tisamunamizire. Chitoliro chinakwera mpaka kudenga, mayi wina amene ankadzikupiza anaiwala dzanja lake m'mwamba. Kumbuyo, pamene panaima anthu a matikiti otchipa, Apollonia anagwira rozale yake mwamphamvu. Kenaka nyimbo inafika pamalo ake odekha, paja pofinya mtima, ndipo a Kerschbaum anakhudzidwa. Anatembenukira kwa akazi awo nati, "Tamva kukoma kwakeko, Resi."

Chibwano chitangoyenda, mpweya wa Kajetan unatsika wokha. Sanaganize, monga mmene munthu saganiza pophethira.

A Kerschbaum anakhala chete, akudabwa. Nyimbo inadzuka. Wogulitsa mankhwala amene anakhala kumbuyo kwawo anawagwira paphewa.

"Chachitika n'chiyani?"

"Kaya, mwina ndi mmene anailembera," anayankha a Kerschbaum, ndipo chitoliro chinamiranso.

"Taonani, wayambanso!"

"Kodi akukomoka?"

Akamafunsana, Kajetan ankatsitsa, akatsitsa, ofunsa ankachuluka. Blasius, vayolini ili pakhosi, analankhula mano ali chilumire: "Kweza! Iwe, kweza!" Kajetan anamumva. Anafunadi kukweza. Koma kulikonse kumene diso linapita kunali pakamwa potseguka, pa loya, pa wophika buledi, pa mkazi wa wosoka nsapato, ndipo aliyense wa iwo anali atalipira. Munthu amene moyo wake wonse ankalondera bwana mmodzi anapezeka ali ndi mabwana mazana atatu, onse akulankhula nthawi imodzi.

"Agogo, talipiratu ife!" anakuwa wina kumbuyo. "Mukuimbira nsabwe za m'jeketemo?"

Holo yonse inagwa nako kuseka. Kajetan anaimabe mowongoka, zala zikuyenda pamabowo a chitoliro bwinobwino osaphonya, mpaka nyimbo kutha. Palibe anamva kanthu.

Pambuyo pake a Kerschbaum anabwera okha kudzamugwira dzanja. Sanali munthu woipa.

"Poyamba paja, bambo, ndinatsala pang'ono kulira. Koma mpweya watha. Ukalamba si mlandu."

Mawu awiri okha akanakonza zonse. Kajetan akanati mpweya ulipo, ndimatsitsa pokupatsani ulemu inuyo. Mwina a Kerschbaum akanaseka n'kumuuza kuti abwerenso Lamulungu linalo. Koma wantchito wa m'nyumba yachifumu satsutsa bwana. Kajetan anawerama monga anaphunzitsidwira nati, "Mwanena zoona, bwana."

Blasius anamukalipira masitepe onse potsika, misozi ili m'maso. Blasiusyo atabwerera kwa a bungwe kukafotokoza, anapeza mpando ataupereka kale kwa kalaliki wina wa kukhoti, woimba chitoliro ngati tambala wa chimfine, koma womveka mpaka kumsika.

Tsiku la Mikayeli Woyera kunacha ndi mvula yowaza. Katundu wawo yense anakwana pangolo yokankha ndi manja. Pachipata cha nyumba ya amphawi mlonda analoza ndi kiyi: amayi uku, abambo uko. Apollonia anagawa zofunda, chachikulu anapatsa mwamuna wake. Anamukonza kolala, imene sinalakwe chilichonse.

"Chitoliro mwatenga?"

"Chili m'malayamu."

"Muziimba dzuwa likapendeka, ine ndizikhala pafupi ndi khoma. Koma mokweza, mwamva? Ndalipenya khomalo, ndi lochindikala."

"Ndiyesa, mayi."

"Ine sindilankhula, ndikulonjeza."

Kajetan anakhala m'menemo nyengo ziwiri za chisanu, zomaliza za moyo wake. Masana aliwonse ankakoka kampando kupita nako pakhoma. Amuna anzake akuti ukafuna kumumva unkayenera kukhala naye mawondo kugundana, chifukwa pabwalo la amphawi sipasowa wolankhula. Kutsidya kwa khoma akazi ankamufunsa Apollonia kuti kodi chimene akumvetseracho n'chiyani, poti iwo sakumva kanthu. Iye ankawagwedezera dzanja kuti akhale chete, n'kunena kuti lero waimba bwino kuposa dzulo.