Kuseri kwa Amakaniko

Aneba anga amakaniko amandipsetsa mtima, koma munthu atawanyoza ndingamugulule mano. Kuseri kwawo kunali dzala la zitsulo ndi makoswe. Lero kuli mipando ya galimoto yakufa pansi pa mtengo, maluwa m'matayala, iwo n'kumangopukuta manja: "Palibetu chomwe ndagula apa, achimwene."

Apongozi anga atabwera, ndinawaikira mpando kuseri kwanga, pakati pa ndowa zobooka zomwe ndinati zikhale za maluwa. Ndinkafuna aone kuti mwana wawo ali pabwino. Amakaniko anasuzumira pampanda.

"Amayi, mupsa ndi dzuwatu! Mthunzi uli kuno."

Anapitadi, mkazi wanga ndi ana pambuyo. Ndinatsala ndikukalipira ndowa.

Kenako mkazi wanga anakuwa: "Bambo a mwana, tipatsireni tiyi pampandapo!"

Ndinapereka, ndi kapu ya amakaniko yomwe.