Chikhakha cha Mayi Telala

Mayi telala a pakhonde la sitolo ya nsalu anali munthu wosadziwa kukhala phee. Kuyambira ali mtsikana, phazi lawo lamanja linkangokhalira kupalasa makina osokera, zala pansi, chidendene pansi, tsiku lonse. Ngakhale m'tchalitchi phazilo linkagwedera lokha mpaka oyandikana nawo kusuntha. Katumba wa mwendo umenewo anali gwa ngati wa mnyamata wampira, pomwe wakumanzere anali lobodo, mlesi wodyera mnzake thukuta.

Paja tsoka silinunkha. Ukwati wa mwana wawo wamkazi utayandikira, diresi atangolidula kumene, mayiwo anadumpha ngalande pothamangira basi. Anamva kuti phwa! kumbuyo kwa kakolo, natembenuka kuti akalipire amene wawagenda. Kunalibe munthu.

Kuchipatala dokotala anawagoneka chafufumimba, nafinya katumba. Phazi silinagwedere.

"Mayi, mtsempha waukulu uwu, wochokera m'katumba kukagwira chidendene, waduka. Ndi umene umakoka phazi mukamaponda. Tikuikani chikhakha. Osaponda, osapalasa, mpaka ulumikizane."

"Nanga diresi la mwana wanga asoke ndani, adokotala?"

"Kodi matelala atha m'tauni muno?"

Mawu amenewo anawapweteka kuposa mwendo. Iwo amene anaveka akwati a eni osawerengeka, wawo yekhayo akavale za manja a wina? Anayesa phazi lamanzere. Mlesi uja anabweza gudumu chambuyo, ulusi n'kupiringizana, singano n'kuthyoka. Anayesa amuna awo, koma bambowo anapalasa ngati ali panjinga akuthawa galu, msoko n'kukhota. Mayiwo ankangozungulira m'nyumba ndi ndodo, kukhala, kunyamuka, kukanda m'chikhakha ndi rula, kukalipira aliyense wodutsa.

"Amayi, zisakuvuteni, ndikabwereka diresi," anatero mwanayo.

"Ukabwereke ine ndili moyo?"

Mwanayo atangopita kuntchito, mayiwo ananyowetsa chikhakha ndi madzi, natenga sizasi yawo yaikulu. Sanachichotse chonse ayi, ankadziyesa ochenjera. Anangodula mozungulira kakolo, monga amamasulira mkono wa malaya ukathina, kuti phazi lipeze mpata. Makina analira mpaka dzuwa kupendeka, iwo ataluma mlomo, misozi ili chuchuchu. Ali mkati mopinda mpendero, mtsempha umene unali utangoyamba kugwirana unadukanso.

Tsiku la ukwati linawapeza pabedi la kuchipatala atawachita opaleshoni, dokotala atawauza mosapsatira kuti za makina opalasa aiwale. Mtima unawawawa koopsa, ndipo m'mawa wonse anangoyang'ana kukhoma.

Masana mkwatibwi analowa m'wodimo atavala diresi lija, odwala onse n'kudzuka kuti aone. Anagwada pambali pa bedi akulira.

"Amayi, mwataya mwendo chifukwa cha nsalu?"

Mayiwo anagwira mpendero wa diresilo. Zala zawo zinali zitapeza kale pamene msoko unalekezera, pomwe wina anangobayapo mapini.

"Taimirira, mwanawe, ndipo usagwedere. Anesi, tandipezereniko singano ndi ulusi woyera."