Kadontho pansonga ya chala

Dzulo kuchipatala anandipatsa kachubu ka mankhwala opaka chikanga cha mwana wanga. Nditangotsegula, fungo lake linandibwezera kumalaini a pa esiteti ku Thyolo.

Makolo anga atamwalira ndinaleredwa ndi Anganga, agogo anga aakazi, omwe ankathyola tiyi. Chikanga chinandigwira m'khosi ndi kuseri kwa mawondo, moti kusukulu anzanga ankandithawa pabenchi, ati ndili ndi mphere. Adokotala a pa esiteti anatipatsa kachubu kamodzi. Anganga ankafinyira kadontho pansonga ya chala chawo chong'aluka ndi tiyi, n'kupaka poyabwa pokha. Ine ndinkangowayang'ana, mumtima ndikuti ndi oumira. Bwanji osandidzoza thupi lonse kuti ndichire msanga?

Tsiku lina Anaphiri a nyumba yoyandikana nayo anabwera akunong'ona. "Anganga, tigawireniko pang'ono. Akuti amayeretsa nkhope."

"Nkhope yanuyo yalakwanji? Amuna anu anaikonda ili choncho. Awa ndi a mwana wodwala, si odzola."

Khungu litasalala anasiya kundipaka, mankhwala akadalipo, ndipo anzanga anayambanso kundikhala pafupi. Ndinadzamva nditakula kuti mankhwalawa ukachulutsa amapyapyalitsa khungu. Anganga sankatha kuwerenga pepala la m'kabokosi, koma zomwe adokotala ananena kamodzi kokha sanaphonyepo ngakhale chimodzi.