Khosi la Mayi ndi Galimoto Yofiira

Galimoto yanga ndi ija yooneka ngati bokosi, ya denga lalitali. Ndinaigula nditapuma ntchito ya ukapitawo ku esiteti ya tiyi, ndipo kwa zaka zambiri ndiyo inkanyamula mayi kupita kuchipatala kuboma magazi akayamba kuthamanga. Mayi ndi aatali, duku amamanganso mosongoka, koma kumbuyoko ankakhala mowongoka bwinobwino, mkoko wa nthochi uli pambali pawo.

Kenaka mng'ono wanga anabwera kuchokera ku Joni ndi galimoto yofiira, ya zitseko ziwiri, denga lake lotsetsereka chakumbuyo ngati msana wa mphemvu. Ndisaname, inali yokongola, ndipo nsanje inandigwira nditangoiona. Pa Nkando anthu anasiya kugula tomato n'kumaizungulira. Yanga inali pomwepo, koma amene anaiyandikira ndi mzimayi mmodzi wofunsa ngati ndikupita ku Chonde, poyesa ndi ya matola.

Loweruka lake kunali ukwati wa wachibale ku Likhubula. Ndinalawirira kutsuka galimoto yanga, n'kuyala chitenje chatsopano pamalo pa mayi. Zoti angakwere ina sindinaziganizeko. Koma atatuluka m'nyumba anaidutsa ngati sakuidziwa, ulendo wa ku yofiira ija.

Mpando wakutsogolo unali wa mlamu wanga, yemwe anali woyembekezera, ndiye mayi anayenera kulowa kumbuyo. Ndinawachenjeza kuti denga ndi lotsika, malo a miyendo mulibe, akafika khosi litauma. Ndinkayankhula ngati munthu wowadera nkhawa, koma chimene chinkandiwawa ndinkachidziwa ndekha. Iwo anangoti ayesako. Mng'ono wanga anapinda mpando, mayi n'kulowa chokwawa, duku litapendekeka.

Ine anandisenzetsa mapoto, mipando ndi azakhali atatu. Ndinkabwera pambuyo, maso ali pa windo lakumbuyo la galimoto yofiirayo. Mutu wa mayi unali chopendekera kumanzere njira yonse, ndipo pa hampu iliyonse duku linkagunda denga. Ndikuchita manyazi kunena, koma ndinkakondwera. Titafika anthu anawathamangira ndi nthungululu, n'kuwatulutsa ngati iwo ndiwo mkwatibwi. Ine anandilozera kuseri kokatsitsa mapoto.

Lolemba khosi linaumadi, osatembenuka. Mng'ono wanga n'kuti atapita ku Blantyre kukaonetsa galimoto kwa anzake, choncho wa bokosi uja ndinakumbukiridwa. Ndinawakweza mayi pamalo pawo pa masiku onse, ulendo wa kuchipatala, chitenje chija chikadali pomwepo. Tili m'njira ndinalephera kuugwira mtima.

"Mwaonatu mayi? Chikomekome cha mkuyu. Muno simunapindepo khosi ngakhale tsiku limodzi."

Poti kutembenuka kunali kosatheka, anandiyankha akuyang'ana kutsogolo, ku minda ya tiyi.

"Achimwene, ndikakwera yanuyi anthu amafunsa kuti agogo aja adwalanso chiyani. Nditatsika mu ijayi anafunsa kuti ndine mayi wa ndani."

Ndinafuna kuwakumbutsa kuti ndi mayi anganso. Koma kutsogolo kunali hampu. Ndinachepetsa liwiro monga ndichitira nthawi zonse akakhala kumbuyoko, tinadutsa osagwedezeka, ndipo iwo sanazindikire n'komwe.