Mbewa Yomanga Mfundo

Fungo lija linandipeza ndili pampando wa eni ake ku Perth, chaka chimene kolona anatseka malire, ine n'kutsala ngati katundu woiwalika m'basi. Mwana wanga, namwino, ankalawirira kuchipatala, mkamwini ku Welshpool kukanyamula makatoni. Pakhomo tinkatsala ine ndi kamdzukulu kanga Tadala, kamene ukakafunsa m'Chichewa kamakubwezera Chingelezi cha m'mphuno. Tsiku lina kanaponya kapaketi mu mayikulowevu. Thu! Thu-thu-thu! Mbuliwuli. Papaketipo anajambulapo mlimi wachipewa, ndipo Tadala anandiwerengera kuti banja limenelo lasunga mbewu yakeyo kuchokera kwa makolo.

Nafe tinali nayo yathu, musatione chonchi. Kumapiri a Dedza ankangoti "ya kwa NaChisale", ndiwo amayi anga amenewo. Tinjere tofiira, tosongoka, koma tikaphulika mbee ngati thonje. Pasiteji ya basi anthu ankachita kuifunsa ndi dzina. Amayi anailandira kwa mayi awo, ndipo akakolola ankasankha zonenepa zambewu, kumanga makoko ake mfundo, n'kupachika mtolowo kudenga la khitchini kuti utsi uthamangitse anankafumbwe.

Chilimwe china nkhokwe inauma msanga. Tinkadya mango osakhwima ophika, mano kuchita dzanzi. Ndinali ndi zaka ngati zisanu ndi zinayi, Sitandade 2 kachiwiri, poti aphunzitsi ankandikonda kwambiri. Masana makolo akapita kukasosa kumunda, m'mimba mukulira ngati achule, ndinkakwera pamtondo n'kutsitsa chimodzi. Ndinkatonola chonse, chitsononkho n'kuchivekanso makoko, kumanga mfundo bwinobwino, kubwezera pamalo pake. Phale pamoto, mbale pamwamba kuti phokoso lisatuluke. Ndinkadyera kuseri kwa khola la mbuzi, zikundiyang'ana ngati mboni. Ndinkati kamodzi kokha. Kamodzi kokhako kanatha mwezi.

Mvula yodzalira inagwa m'mawa wina, dothi kununkhira mpaka m'nyumba. Amayi anatsitsa mtolo uja, ndipo dzanja lawo linangoti pepu. Anasenda choyamba, chachiwiri, chachitatu. Zitsononkho zokhazokha. Abambo anali pakhomo, khasu paphewa, ndipo dzanja lawo mudzi wonse unkalidziwa. Amayi anaiyang'ana mfundo ija nthawi yaitali, osandicheukira ngakhale pang'ono.

"Mbewa," anatero. "Mbewa zatimaliza, bambo a Yohane." Yohaneyo ndine.

Chikoti changa anadya ndi mphaka wathu poti sanagwire mbewazo, ndipo anathawa osabwereranso. Amayi anayenda khomo ndi khomo mvula ili pamsana, kupempha ngakhale tinjere khumi, koma njala inali itadutsa paliponse, aliyense anali atakazinga kale. Pandime ya mbewuyo anadzalapo chimanga wamba. Pasiteji anafunsa chaka chimodzi, chachiwiri, kenako dzina la NaChisale linazilala.

Masiku amenewo ndinkayenda chifuwa patsogolo, ndikuti mwana wochenjera ndine, ndapusitsa akuluakulu. Ndinachita kumera imvi kuti ndizindikire zoti mbewa simanga mfundo, ndipo mfundo imeneyo anandiphunzitsa ndi amayi omwewo, pomangira nkhuni. Anapita kumanda osanditchulira.

"Agogo, idyani," anatero Tadala, Chichewa chake chonse chathera pomwepo. Ndinatola tinjere tokana kuphulika pansi pa mbale n'kuika m'thumba la malaya. Ndikudziwa kuti sitingamere.