Kuwala Kochokera Pansi

Fungo la nsungwi zakale ndi fumbi la chimanga likandipeza, ngakhale ndili pakati pa msika wa Mponela, ndimaona agogo anga aamuna, a Yotamu, atagwada kuseri kwa nyumba, mpeni uli m'manja, akuboola mazenera m'nkhokwe imene inagwa ndi mphepo. Anali bambo awo a mayi anga. Mudzi wathu unali m'chigwa, m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, kumene utsi wa fodya wa chikopa unkatsalira m'zovala zathu mpaka m'tchalitchi, ndipo dzuwa linkachedwa kutipeza chifukwa phiri la kum'mawa linkatitchinga.

Agogo anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni. Za mgodi sankakonda kukamba. Ankangoti anakhala m'mimba mwa nthaka ngati mneneri uja m'mimba mwa chinsomba, kenaka n'kusintha nkhani. Koma za ndege imene inawabweretsa kwawo ankakamba mpaka anthu anawapatsa dzina loti a Pamwamba. Masiku amenewo a chipani chimodzi munthu ankayamba wacheuka asanalankhule, choncho nkhani ya mitambo inkakoma chifukwa sinkamangitsa munthu. Chimene chinkaseketsa anthu n'chakuti agogo ankanenetsa kuti tsiku limene anauluka kunali mvula, koma ndege itaboola mitambo anakapeza dzuwa likuwala ngati palibe chachitika.

"A Pamwamba, mvula ikamagwa dzuwa limakhala litachoka," ankatero anzawo potuluka m'mapemphero.

"Litachoka kupita kuti? Kukagula mchere ku Mponela?"

"Munagona m'ndegemo inu, munalota."

Nkhokwe ija agogo anaigoneka cham'mbali pamwamba pa chipika kuti izipendekeka, n'kuika thabwa mkati. Imeneyo ndiyo inali ndege yathu. Mlongo wanga Gilibati ankakhala kutsogolo atagwira mpini wa khasu, ine kumbuyo kwake nditamanga luzi m'chiuno, agogo ali panja akugwedeza nkhokwe uku akulira ngati injini mpaka chifuwa kuwagwira. Kwa ife ana zinali zokwanira. Kwa agogo panali chinthu chimodzi chimene sichinkawakhutiritsa, ndicho kuwala kwa mkatimo.

Tsiku lina ine ndi Gilibati tinaboola pamwamba pa nkhokwe kuti dzuwa lizilowa bwino. Agogo anasuzumira mkati, n'kupukusa mutu.

"Mwaika dzuwa la kumunda," anatero. "Dzuwa la kumunda limamenya pamutu ndi pamsana. Kumwamba kuja kuwala kumachokera pansi."

"Pansi bwanji, agogo? Dzuwa limakhala pansi?"

"Iwe Naphiri, makutu ako ali ngati a mbuzi, amangogwedera. Mitambo imakhala pansi pako, yoyera mbuu, ndiye imabweza kuwala m'mwamba. Denga la ndege limawala. Ndinakhala moyandikana ndi bambo wina wa ku Mzimba, wakuda ngati ine ndemwe, koma kunsi kwa chibwano chake kunkawala ngati wameza nyali. Ndege ikamakhota, kuwala kwa pazenera kumayenda pakhoma pang'onopang'ono ngati buluzi wokhuta."

Anatseka bowo lathu lija ndi chiguduli, n'kuyamba kufunafuna kuwala kwawo. Anayesa beseni la madzi kunsi kwa zenera, koma kuwala kunkanjenjemera padenga, ndipo iwo anati kumeneko n'kwa m'bwato. Anayesa chibenthu cha malata, chinatithobwa m'maso. Tsiku lina anakoka mphasa imene mayi anayanikapo ufa woyera, n'kuiika pafupi ndi nkhokwe. Kunena zoona mkati munayera ndithu, koma nkhuku zinafika msanga kuposa ife.

"Bambo, ufa wanga!" anakuwa mayi akuchokera kumadzi. "Mitambo yanuyo tidya chiyani ikatha?"

"Mwana wanga, ndangobwereka."

"Nkhukuzo nazonso zangobwereka?"

Agogo anaseka, n'kulowa m'nkhokwe. Kenaka anati, "Zayandikira, koma si kumeneku."

Chaka chimenecho ndinayamba kuona kuti akamatambasula dzanja kuti atenge kapu, ankaiphonya. M'tchalitchi anasiya kutsegula buku la nyimbo, ankangoimba za pamtima. Kuchipatala kuboma anawauza kuti ndi ng'ala, ndipo dokotala wa maso anali kutali. Masana ena ndinawapeza atakhala okha m'ndege yathu, mutu atautsamiritsa pa nsungwi.

"Ndiwe Naphiri? Khala apa," anatero. "Mdima ndimaudziwa, ndinadya nawo zaka zambiri pansi paja. Chimene ndikuopa n'chakuti maso akadzatsekeka ndidzayamba kukhulupirira anzanga aja kuti ndinalota. Ndikupempha Ambuye kuti munthu mmodzi wa pakhomo pano aone chimene ndinaona, kuti ndikamakayika azindikumbutsa."

Ndinali mwana. Koma kuyambira tsiku limenelo ndinkaika pempho lawo m'mapemphero anga, pakati pa mayeso a kusukulu ndi chifuwa cha Gilibati.

Kwathu kukachita nkhungu munthu sankakwera phiri. Unkadikira kuti iyambe yachoka, chifukwa tinkadziwa kuti ngati pansi pali mdima chonchi, kumwamba ndiye kuli woposa. Koma m'nyengo yachisanu ya chaka chimenecho anthu a kutsidya ankamaliza udzu wofolera, ndipo mayi anati tikadikira dzuwa tikapeza ziputu zokha. Ine ndi mayi tinanyamuka m'mamawa ndi zikwakwa, nkhungu itatseka moti sindinkaona ngakhale mtengo wa masuku wa pakhomo pathu. Tinakwera mame akutinyowetsa mpaka m'mawondo, tikumva tambala wa m'mudzi akulira ngati ali m'chitsime.

Chapafupi ndi pamwamba nkhungu inayamba kuyera, kenaka inangotha mwadzidzidzi. Tinatulukira padzuwa. Nditacheuka, mudzi wathu kunalibe, chigwa kunalibe, kunali kuyera kokhakokha kutayalidwa mpaka ku mapiri a ku Ntchisi amene ankangooneka nsonga. Ndinayang'ana mayi. Kunsi kwa chibwano chawo kunkawala.

Ndinaponya chikwakwa pansi.

"Ukupita kuti iwe?"

"Kukatenga agogo!"

"Nkhungu siidikira munthu wa ndodo," anatero mayi. Koma sanandiletse.

Ndinatsika ndikuterereka, ndinawapeza agogo akuotha moto pakhonde. Sanafunse zambiri. Anatenga ndodo, dzanja lina n'kuika paphewa panga. Tinkakwera pang'onopang'ono, iwo akupuma pamwala uliwonse, ine ndikuona kuti nkhungu yayamba kupyapyala ndipo mitengo yayamba kuoneka. Ndinkapemphera chamumtima kwa Iye amene anaimitsa dzuwa kuti anthu ake amalize nkhondo, kuti atigwirireko mtambo umodzi wokha.

Titafika pamene mayi ankamweta, mbali ina ya chigwa inali itatseguka kale, madenga a kutsidya akuoneka. Koma pamwamba pa mudzi wathu nkhungu inali idakali yoyera, yokhuthala. Ndinawatembenuza agogo kuti ayang'ane kumeneko. Anaphethira maso awo otuwa aja kwa nthawi yaitali.

"Mitambo sindikuiona," anatero motsitsa mawu. "Ndikungoona kuyera."

Misozi inalengeza m'maso mwanga. Ndinaganiza kuti tachedwa, osati m'mawa umenewo wokha ayi, koma chaka chathunthu. Koma iwo anatukula mutu, n'kuloza nkhope yawo ndi chala.

"Usayang'ane uko, yang'ana ine. Kuwala kuli pati, pamphumi kapena kunsi kwa chibwano?"

Ndinayang'anitsitsa. Ndevu zawo za imvi zinkawala kuchokera pansi, ngakhale kunsi kwa chipewa chawo, kumene nthawi zonse kunkakhala mthunzi, kunali mbee.

"Kunsi kwa chibwano, agogo."

"Mudzi ukuuona?"

"Ayi, uli pansi pa nkhungu."

"Ndiye anthu ali kumeneko akuti kunja kuli bwanji?"

"Akuti kulibe dzuwa."

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kukhala pansi pa mtolo wa udzu wa mayi. "Basi, Naphiri, wakwera ndege. Taonani zimene Ambuye amachita! Ine kuvutitsa ufa wa mwana wanga, chonsecho chinthucho anachiika pamwamba pa nyumba yanga." Anavula chipewa, tinapemphera atatu pomwepo, nkhungu ikusungunuka pansi pathu.

Mvula isanayambe maso awo anatsekekeratu. Nkhokwe ija chiswe chinaidya. Koma masiku a mvula yosakata, kunja kukada bii, ankandiitana kuchokera pakhonde.

"Naphiri, kumwamba kuli bwanji lero?"

"Kukuwala, agogo."

"Walota iwe?"

"Ayi, ndinaona ndi maso anga."

Tsopano nanenso ndine gogo. Mdzukulu wanga Takondwa ali ndi masewera a pakompyuta oyendetsa ndege, ndipo tsiku lina anandiitana kuti ndione mmene ndege yake ikuboolera mitambo. Zinali zokongola, mapiko akunyezimira, mitambo ili mbuu pansi. Koma denga la mkati mwa ndegeyo linali lakuda. Ndinamuuza kuti amene anapanga aika dzuwa la kumunda. Anandiyang'ana modabwa, n'kufunsa ngati ndinakwerapo ndege. Ndinati inde, kamodzi, ndili ndi chikwakwa m'manja.

Maso anga nawonso ayamba chifunga, ndipo zilembo za Mawu a Mulungu zikundithawa. Ndamuuza Takondwa kuti chisanu chikubwerachi apemphe tchuthi, tipite kumudzi. Tidzanyamuka nkhungu isanachoke, iye patsogolo, dzanja langa lili paphewa pake, kuti nanenso ndikhale ndi wondiyankha ndikadzafunsa kuti kumwamba kuli bwanji.