A Pensulo Amayambira Khutu

Ena akamajambula munthu amayambira maso, ena mphuno, koma a Pensulo amayambira khutu. Mukawafunsa chifukwa chake, amakuyang'anani ngati mwafunsa chimene nkhuku imayendera miyendo iwiri. Amati nkhope imanama, imatha kumwetulira mtima uli chithupsa, koma khutu silidziwa chinyengo. Mmene linabadwira ndi mmene lidzalowere m'manda.

Chizolowezichi anachitengera ku ntchito yawo yoyamba. Kale ankapenta zikwangwani za ometa tsitsi, mitu isanu ndi umodzi pathabwa limodzi, yonse yoyang'ana kumbali kuti kametedwe kaoneke. Mutu woyang'ana kumbali ukangouphonya khutu, basi, wasanduka dzungu. Chinanso, dzanja lawo silidziwa kupeka. Chimene sanachione ndi maso sangachijambule ngakhale mutawagwadira. Koma chimene achiona kamodzi kokha, eee, chimatuluka papepala ngati chinkangodikira kuitanidwa.

Kachipinda kawo kantchito kali kumapeto kwa mdadada wa mashopu, zenera limodzi, tebulo lopendekeka lokhala ndi chidutswa cha katoni kunsi kwa mwendo, ndi zitini za penti zimene zinauma kalekale koma amakana kutaya. Khonde ankagawana ndi a Telala, munthu wamfupi, wa pakamwa posatseka. Zaka makumi awiri ndi ziwiri anakhala pakhonde limodzilo, wayilesi imodzi, kukangana kumodzimodzi tsiku ndi tsiku.

"Inu ntchito yanu ndi yotani kodi?" a Telala ankatero, singano ili pakamwa. "Munthu wamkulu ndi ndevu zomwe, kumangokhalira kukulitsa anzanu mimba papepala!"

"Ine ndimangojambula," a Pensulo ankayankha. "Amene mumasoka mathalauza oti mimbazo zikwanemo ndinu."

Mimba zimene ankanenazo zinali za andale. Mkonzi wa kanyuzipepala kena kotuluka Lachisanu anawapeza tsiku lina akujambula khansala kuseri kwa pepala la simenti, ndipo kuyambira pamenepo a Pensulo anakhala ndi kangodya kawo patsamba lachinayi. Katuni yawo inalibe mawu ambiri, mwina inalibiretu. Anthu ankangoona khutu nkuyamba kugwa ndi phwete, aliyense atadziwa mwini wake. Kangapo konse analandira mauthenga owaopseza, koma ankangoti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamwamuna. Anabadwa ndi khutu lakumanzere lopindika pamwamba, ngati ngodya ya tsamba la buku imene munthu wapinda kuti asaiwale pamene walekeza. Dzina la Kakhutu anamupatsa ndi a Telala, ndipo linamumatirira mpaka la ubatizo linaiwalika. Yunifolomu yake yoyamba anasoka ndi a Telala omwewo, komanso jekete imene anavala polandira satifiketi.

Satifiketiyo inangokhala mu sutikesi. Zaka zinayi Kakhutu anayenda m'maofesi mpaka nsapato zinayasama, kulikonse nkumuuza kuti abwere mawa. Ndiye itafika nyengo ya chisankho, anabwera anthu a galimoto zokuzira mawu, nkumupatsa malaya a chipani ndi lonjezo lakuti akangopambana, ntchito ndi yake. Bambo ake anamuchenjeza kuti anthu amenewo amawadziwa bwino, makutu awo onse anawajambula kale, ali mu kabati. Kakhutu anangoseka.

"Adadi, inu mumawajambula, koma mawa amadzukabe ali mabwana. Ine ndatopa kuseka."

Zotsatira zinalengezedwa masana, dzuwa lili paliwombo, ndipo chipani cha Kakhutu chinagwa. Pasanathe ola, msewu unadzaza. Matayala anayaka, miyala inauluka, mashopu anatsekedwa mwa phuphuphu. A Telala ankasokera aliyense wobwera ndi nsalu, koma tsiku limenelo, mwatsoka, pachingwe cha pakhonde panapachikidwa madiresi atatu a nsalu ya chipani chopambana, odikira eni ake. Zinakwana zimenezo.

Tisawabisire a Pensulo, pakuti iwonso sadzibisira: anathawira m'kachipinda kawo nkukhoma. Anaonera pamng'alu wa chitseko mnzawo akumukokera pansi, makina osokera akuponyedwa pamsewu, shopu ikuthiridwa petulo. Mu utsimo nkhope sizinkaoneka. Ankangoona misana ndi mitu yotembenukira kumbali, ndipo sanatuluke kukamulanditsa. Mantha amenewo amawachititsabe manyazi mpaka lero.

M'mawa mwake, a Telala ali kuchipatala, a Pensulo anakhala patebulo. Anajambula bokosi la mavoti lalikulu ngati nyumba, likufuka utsi. Pamwamba pake akuluakulu awiri a mimba zawo, wopambana ndi wogonja, akugwirana chanza mosekerera. Pansi pake makina osokera ali gada, miyendo m'mwamba, atazunguliridwa ndi anyamata. Dzanja linkangoyenda lokha, khutu, mutu, khutu, mutu, monga mwa masiku onse. Litafika pa mnyamata wonyamula chigubu cha petulo, linajambula khutu lopindika pamwamba.

A Pensulo anaima. Maso anali ataona dzulo lija, koma mtima unakana kumva, ndipo tsopano dzanja linali litaulula. Labala inali pomwepo, pafupi ndi chigongono. Anaitola. Anaigwira nthawi yaitali mpaka inafunda m'manja. Kukhudza kamodzi kokha, khutulo likanakhala la aliyense. Koma fungo la nsalu zopserera linkalowa pansi pa chitseko, ndipo pakhonde panali nsapato imodzi ya a Telala. Anaika labala pansi, nkupinda pepala, ulendo kwa mkonzi.

Lachisanu nyuzipepala inatha isanakwane naini koloko. Anthu akutali ankayamikira kulimba mtima kwa wojambula, koma a mumsewu umenewo sankayang'ana mimba za akuluakulu ayi. Onse ankaloza chala pakona ya pansi. Apolisi anabwera Lolemba, nkupeza Kakhutu atachoka kale Loweruka m'mawa. Pabedi lake anasiya nyuzipepala ija ataipinda kanayi, khutu lokha likuonekera pamwamba.

Mayi a Kakhutu sanalire mokuwa, sanatukwane. Anangoima pakhomo la chipinda chopanda munthucho nkufunsa funso limodzi.

"Bambo a Kakhutu, kodi labala inatha?"

"Inalipo."

"Chabwino."

Zaka zisanu ndi ziwiri zapita, ndipo "chabwino" ameneyo akadali m'nyumbamo. Amaphikirana, amadwazikana, koma akafika pamenepo amalambalala ngati dzenje la pamsewu. Bedi la Kakhutu amayalabe. Satifiketi ili mu sutikesi momwe muja.

A Telala anachira, koma zala ziwiri za dzanja lamanja sizipindikanso, choncho masiku ano amagulitsa mabatani, ulusi ndi mazipi patebulo laling'ono pakhonde lomwe lija. Nkhani ya tsiku lija sanaiyambepo, kupatula kamodzi, mvula itawatsekereza awiriwiri.

"Achimwene, paja munachita zija chifukwa cha ine?"



"Ndikanakhala ine ndikanafufuta," anapitiriza a Telala, akusanja mabatani. "Zala zanga sizinabwerere ndi chithunzi chanucho. Ndipo mwana uja ndinamusokera jekete ndine. Mukuganiza kuti mumamusowa nokha?"

Mawu amenewo anawapweteka kuposa funso la akazi awo. Ndipo mukawafunsa lero ngati analakwa, sakuyankhani mwachindunji. Tsiku lina amati chilungamo sichisankha khutu, tsiku lina amati anali wamantha amene anabisala kuseri kwa chitseko, ndiye anafuna kugula ulemu wake ndi mwana wake. Chimene amanena mosazungulira nchimodzi: amamusowa mwana wawo, kusowa kwenikweni kolasa pansi pa nthiti.

Kuyambira chaka chimenecho, mu katuni iliyonse amajambula kachitseko kotsegula pang'ono pakona ya pansi. Nkhani ikhale ya misonkho, ikhale ya nduna yogona pamsonkhano, kachitseko kamakhalapo. Mkonzi anadandaula kuti owerenga akufunsa tanthauzo lake. A Pensulo anamuuza kuti akachotsa chitseko achotsenso dzina lawo, ndipo mkonzi anangosiya. A Pensulo amakhulupirira kuti kulikonse kumene Kakhutu ali, tsiku lina adzagula chinthu chokulungidwa m'tsamba lachinayi.

Madzulo aliwonse akaweruka amadzera ku depoti ya mabasi. Amakhala pabenchi pafupi ndi ogulitsa matikiti, nkumayang'ana amuna otsika, osati kumaso koma kumbali. Makondakitala anawazolowera, amawaseka kuti madala akusaka wandale woti amukulitse mimba. Akazi awo anawapemphapo kamodzi kuti amujambule Kakhutu mmene angaonekere panopa, mwina ndi ndevu, mwina atanenepako. A Pensulo anakhala ndi pepala tsiku lonse. Linatuluka khutu lokha, kwinako dzanja linakana, poti silinaone.

Mwezi wathawu mkonzi anawaitana nkuwapatsa envelopu imene inafikira ku ofesi, yolembedwa kuti "Kwa wojambula wa tsamba 4". Inalibe keyala ya wotumiza, ndipo chidindo chinali chofufutika. M'kati munali chithunzi chimodzi. Mwamuna wowonda wa ndevu, ataima kutsogolo kwa khoma lopanda penti, atavala chipewa choluka chokokera pansi mpaka kuphimba makutu onse awiri. M'manja ananyamula khanda, atalitembenuzira kumbali mwadala. Khutu la khandalo linali lopindika pamwamba. Kuseri kwa chithunzi kunali mawu atatu: "Uyu sanawotche kanthu."

A Telala atachiona anavula magalasi nkuyamba kuwapukuta, kupukuta osamaliza. "Chibale ndi fupa, achimwene," anatero. "Taonani kakhutu kameneka, kopanda ndi manyazi komwe!"

Kunyumba, mayi a Kakhutu anachigwira chithunzicho ndi manja awiri, nkulira kulira kumene kunadikira zaka zisanu ndi ziwiri. Atatha anapukuta tebulo lodyera, nkubweretsa okha pepala ndi pensulo.

"Tsopano mwamuona. Jambulani."

Anayamba ndi mdzukulu, khutu kaye, kenako tsaya, kadzanja kofumbata. Atafika pa bambo wa mwanayo, pensulo inapita yokha pamalo pake pa nthawi zonse, kumanzere, pamene khutu limakhala. Amalidziwa khutu limenelo kuposa dzanja lawo lomwe, akanatha kulijambula atatsinzina. Akazi awo anali chiimire kumbuyo kwawo. A Pensulo anakweza pensulo pang'ono, nkuyamba kuluka chipewa, mzere ndi mzere, mpaka chinaphimba zonse monga mwini wake anafunira. Pa zaka makumi anayi za ntchito yawo, ameneyo ndiye munthu woyamba kumujambula wopanda khutu.

Chithunzi chimene anajambulacho sanachipereke kwa mkonzi. Chili pakhoma la pabalaza, moyang'anizana ndi khomo. Lachisanu lotsatira katuni inatuluka monga mwa masiku onse, nduna ndi mimba yake, koma kachitseko ka pakona kanali kotsegula kwathunthu.

Ku depoti amapitabe. Kungoti masiku ano ntchito yawachulukira, chifukwa kuwonjezera pa makutu, amadzuka pabenchi nthawi iliyonse pakatsika mwamuna wovala chipewa.